Kuseri kwa Nthondo kudatsala mabuku ena

Aliyense amene adalemba mayeso a Chichewa a MSCE m'zaka zapitazi amalidziwa dzina la Nthondo. Ena adaliwerenga bukulo mpaka tsamba lomaliza, ena adangoloweza manotsi a aphunzitsi, koma onse angathe kutchula mlembi wake, Samuel Josia Nthara. Funso limene ambiri amagwa nalo ndi lotsatira: nanga mkuluyu adalembanso chiyani?

Nthara, amene adabadwa m'chaka cha 1905 ndipo adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalembanso Mbiri ya Achewa, Msyamboza, Nchowa ndi Namon Katengeza. Mabukuwa sapezeka wamba m'masitolo a mabuku a ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu. Ena mwa iwo munthu angawapeze msanga m'Chingerezi m'malaibulale a mayunivesite a ku Ulaya kusiyana ndi kuwapeza m'Chichewa kuno kwawo. Ndipo si Nthara yekha. Pali gulu la mabuku amene anthu a kuno adalemba pofotokoza za iwo eni, nthawi imene za dziko lino zinkalembedwa kwambiri ndi atsamunda ndi amishoni, koma lero akungodya fumbi. Mtundu umene ukudandaula kuti mbiri yake idalembedwa ndi alendo suyenera kusiya mabuku oterewa osawerengedwa.

Nthondo lidatchuka msanga. Nthara adalilemba polowa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, limene lidali ku London ndipo linkalimbikitsa Aafirika kulemba m'zinenero zawo. Bukulo lidapambana, lidasindikizidwa m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira lidatuluka m'Chingerezi pa dzina loti Man of Africa. Adalimasulira ndi Thomas Cullen Young, mmishoni wa ku Scotland amene adagwira ntchito ku Livingstonia, ndipo mawu otsogolera adalemba katswiri wa sayansi Julian Huxley. M'mabuku akalewo dzina la mlembi limalembedwa kuti Ntara, chinthu chofunika kuchidziwa kwa aliyense wofufuza mabuku ake pa intaneti.

Komabe wowerenga wachidwi akayerekeza mabuku a Nthara, sangalephere kuona kuti Msyamboza, la m'chaka cha 1949, ndi lolemera kuposa Nthondo. Nthondo ndi munthu wopeka, ndipo moyo wake ukuyenda m'njira imene amishoni ankaikonda: mwana wosamva, wakuba, wopita kukagwira ntchito kunja, kenaka mfumu yotembenuka mtima. Msyamboza adali munthu weniweni, nyakwawa ya mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, ndipo adamwalira m'chaka cha 1926 ali nkhalamba. Adakula nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo. Adali mlenje wa njovu ndi wamalonda a minyanga, woyenda maulendo ataliatali, ndipo kulikonse kumene adafika ankayang'anitsitsa mmene eni ake akuchitira zinthu. Zimene adaziona kwa eni, adabwera nazo kwawo. Anthu ake adayamba kulima mbewu zachilendo monga tirigu ndi kuthirira minda ndi madzi a mumtsinje. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikitsa mishoni ya Kongwe m'chaka cha 1894 motsogozedwa ndi Robert Blake, iye adalandira sukulu m'mudzi mwake, ndipo pambuyo pake adalowa Chikhristu.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chokoma m'bukuli n'chakuti Msyamboza sakudikira mlendoyo pakhomo. Akupita yekha kukafuna kalumoko, n'kusankha koti atenge ndi koti asiye. Cullen Young polimasulira adalitcha Headman's Enterprise, n'kuwonjezera kamutu kosonyeza kuti ili ndi tsamba losayembekezeka m'mbiri ya chigawo chapakati cha Africa. Lidali losayembekezeka kwa Azungu a nthawiyo, amene ankakhulupirira kuti mudzi wa Mfirika sungasinthe popanda mzungu kuukankha. Lero misonkhano ya ulimi wothirira ikuchitika m'mahotela, ndipo zitsanzo zake zimachokera ku Israel kapena Egypt. Sikaŵirikaŵiri kumva wina akutchula nyakwawa ya ku Dowa imene idapatutsa madzi kupita nawo kumunda agogo a ophunzirawo asadabadwe.

Izi sizikutanthauza kuti Nthara adalemba mopanda kukondera. Adali munthu wa mpingo, ndipo mabuku ake adadutsa m'manja mwa amishoni asadafike kwa owerenga. Chikhristu chimapambana nthawi zonse m'nkhani zake. Wowerenga wanzeru amalowa m'bukumo akudziwa zimenezi, monga mmene munthu amamverera nkhani ya mlandu kwa mboni imene ili mbale wa wodandaula. Mboniyo ikhoza kukometsera, komabe idalipo, ndipo idacheza ndi anthu amene adamuona Msyamboza ndi maso.

Mbiri ya Achewa, limene lidatuluka koyamba m'zaka za m'ma 1940, ndi buku limene ambiri amalitchula osaliwerenga. Nthara adasonkhanitsa zimene akuluakulu ndi mafumu ankakumbukira: ulendo wa Amaravi kuchokera ku Uluba, ufumu wa Kalonga, ubale wa a Phiri ndi a Banda, kachisi wa mvula wa Makewana ku Msinja, ndi kugawikana kwa mafumu monga Undi ndi Mwase. Zambiri zimene zimakambidwa mwezi wa Ogasiti uliwonse anthu akamapita ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, zili m'bukuli. Kumasulira kwake kwa Chingerezi, kwa W.S. Kamphandira Jere ndi ndemanga za Harry Langworthy, kudasindikizidwa m'chaka cha 1973 ku Wiesbaden, dziko la Germany. Namon Katengeza, la m'chaka cha 1964, ndi mbiri ya mmodzi mwa abusa awiri oyamba achikuda a Nkhoma, amene adadzozedwa m'chaka cha 1925 pamodzi ndi Andreya Namkumba. Anthu zikwizikwi adagonapo kapena kuchita misonkhano pamalo a mpingo a ku Chongoni, m'boma la Dedza, otchedwa dzina lake. Owerengeka okha ndi amene adaonapo chikuto cha bukulo.

Buku lina limene nthawi yake siidathe ndi 1930 Kunadza Mchape la S.A. Paliani, lomwe lidatuluka m'chaka cha 1971. Paliani adalembanso Sewero la Mlandu wa Nkhanga, limodzi mwa masewero oyambirira kusindikizidwa m'Chinyanja. Mutu wa buku la mchape ukuloza chinthu chimene chidachitikadi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kudabuka gulu la anthu oyendayenda m'midzi amene ankati atha kuchotsa ufiti wonse. Gululi lidayambira cha ku Mulanje, pa dzina la sing'anga Kamwiri, ndipo lidafalikira mpaka ku Mozambique, Northern Rhodesia ndi Tanganyika. Akafika pamudzi ankandandalika anthu onse, n'kumawayang'ana pa kagalasi kuti aone mfiti. Opezeka ndi nyanga ankalamulidwa kuzitulutsa, ndipo aliyense ankamwetsedwa mankhwala ofiirira, amene ankati adzapha munthu aliyense wobwerera ku ufiti. Dzina loti mchape lidachokera ku mawu oti kuchapa. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Audrey Richards adawaona amchapewa pakati pa Abemba ndipo adalemba za iwo m'chaka cha 1935. Ophunzira a m'mayunivesite amamuwerenga Richards mpaka lero. Paliani, amene adailemba nkhaniyi m'chinenero cha anthu omwe adamwa mchapewo, sawerengedwa.

Anthu a zaka zopitirira 40 akukumbukira kuti mchape udabweranso. M'chaka cha 1995 khwimbi la anthu lidakhamukira kumudzi wa Chikamana m'boma la Machinga kukamwa mankhwala a Billy Goodson Chisupe, amene adati adalota mankhwala a Edzi, ndipo anthu adawatcha dzina lakale lomwelo. Ngakhale lero manyuzi salekeza kulemba za agogo omenyedwa, kuwotcheredwa nyumba kapena kuphedwa kumene powaganizira ufiti, chonsecho lamulo la za ufiti la m'chaka cha 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kalasi ya Fomu 3 imene ingawerenge Paliani ingakhale ndi poyambira kukambirana funso limene akuluakulu ambiri amalizemba: n'chifukwa chiyani mudzi ukapanikizika ndi matenda, njala kapena umphawi umathamangira kufuna munthu womuloza chala?

Si mabuku a Chichewa okha amene adaiwalika. M'chaka cha 1919, makina osindikizira a boma ku Zomba adatulutsa Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao yolembedwa m'Chiyao ndi Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglican wa mishoni ya UMCA amene adatumikira zaka zambiri ku Unangu, m'dziko la Mozambique. Dokotala wa boma Meredith Sanderson adalikonza ndi kulimasulira m'Chingerezi, ndipo zinenero ziwirizi zidatuluka m'buku limodzi. Abdallah akufotokoza za phiri lotchedwa Yao kumene mtunduwo umati udachokera, za Achisi, amisiri osula zitsulo amene adayamba kuyenda ndi makasu awo kukagulitsa kutali, za maulendo a malonda opita kugombe la nyanja yamchere ku Kilwa, ndi za kukula kwa mafumu monga Mataka wa ku Mwembe ndi Makanjira. Akatswiri a mbiri ya malonda a minyanga ndi akapolo amalidalira kwambiri bukuli, moti lidasindikizidwanso ku London m'chaka cha 1973 ndi mawu otsogolera a Edward Alpers. Mwana wa ku Mangochi kapena Machinga amamaliza sekondale asadamve kuti mbiri ya makolo ake idalembedwa m'chinenero chake zaka zoposa 100 zapitazo, Nthondo lisadalembedwe n'komwe.

Nkhani ya George Simeon Mwase ndiye yodabwitsa koposa. Mwase, Mtonga amene adali kalaliki wa boma la atsamunda, adamangidwa pa mlandu wosowetsa ndalama za msonkho ndipo adatsekeredwa kundende ya Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. M'ndendemo adakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa otsatira a John Chilembwe amene adagwidwa pambuyo pa kuukira kwa pa 23 Januwale 1915. Kuchokera pa zimene adamva kwa Kampingo, Mwase adalemba m'Chingerezi chakechake mbiri ya Chilembwe ndi maganizo ake pa ubale wa anthu akuda ndi Azungu m'Nyasaland. Zolembazo zidagona m'mafaelo a boma zaka zoposa 30, mpaka katswiri wa mbiri wa ku America Robert Rotberg adazipeza n'kuzisindikiza ku Harvard m'chaka cha 1967 pa mutu woti Strike a Blow and Die.

Akatswiri amachenjeza kuti Mwase sadalipo pa zochitikazo, ndipo mawu ena amene adawaika m'kamwa mwa Chilembwe akhoza kukhala akeake. Chenjezoli n'loona. Komabe chithunzi cha Chilembwe chimene Amalawi ambiri ali nacho, cha mbusa wodziwa kuti sapambana nkhondo koma wosankha kufa kuti atsamunda amve kulira kwa anthu ake, chidachokera kwambiri kwa mkaidi ameneyu. Dziko limapuma pa 15 Januwale chaka chilichonse, nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama, andale amalankhula ku Mbombwe, koma dzina la Mwase silimveka pamwambowo.

Mabuku a nthano zopeka a m'Chingerezi a m'zaka zoyambirira za ufulu nawonso adazimirira. No Easy Task la Aubrey Kachingwe, la m'chaka cha 1966, lidalowa m'gulu lotchuka la African Writers Series la kampani ya Heinemann, momwe mudalinso mabuku a Chinua Achebe ndi Ngugi wa Thiong'o. Kachingwe adali mtolankhani, ndipo mwininkhani wake, Jo Jozeni, ndi mtolankhani wachinyamata, mwana wa mbusa, wopezeka pakati pa ndale za dziko limene likuyandikira ufulu. Legson Kayira amadziwika ndi I Will Try, mbiri ya ulendo wake wapansi wochoka kuno m'chaka cha 1958 mpaka ku Khartoum pofuna maphunziro ku America. Koma ngati wolemba nthano, luso lake lili mu Jingala, la m'chaka cha 1969, nkhani yoseketsa ndi yomvetsa chisoni ya mkulu wopuma pantchito yotolera msonkho amene akulimbana ndi mwana wake wofuna unsembe. The Detainee, la m'chaka cha 1974, likusimba za munthu wamba wa kumudzi amene akugwa m'manja mwa anyamata a chipani m'dziko lolamulidwa ndi wankhanza. Kayira adalilemba ali kunja, ndipo aliyense wodziwa Malawi wa nthawiyo sangafunse chifukwa chake.

Amayi ndi ochepa pa mayina onsewa, chifukwa sukulu za mishoni ndi za boma zidachedwa kuwatsekulira khomo. Amene adalemba ndiye adaiwalika msanga kuposa abambo. Walije Gondwe adatulutsa Love's Dilemma m'chaka cha 1985 m'gulu la Pacesetters la Macmillan, mabuku aang'onoang'ono aja amene ankazungulira m'mahositelo mpaka zikuto kuthothoka. Emily Mkamanga adalemba Suffering in Silence m'chaka cha 2000, kufotokoza zimene amayi ovinira Dr Hastings Kamuzu Banda ankakumana nazo kuseri kwa nsalu za chipani ndi nyimbo. Mkangano wa amayi ovina pamisonkhano ya ndale umabuka chisankho chilichonse, ndipo umayambanso pachiyambi ngati kuti palibe adalembapo kanthu.

Kodi mabukuwa adasowa bwanji? Chifukwa choyamba ndi msika. Wosindikiza mabuku m'Malawi amadalira sukulu. Buku likalowa pa mndandanda wa mayeso limagulidwa ndi masukulu ndi makolo chaka ndi chaka. Likachoka pamndandandapo, kapena likapanda kulowapo, palibe wolimba mtima kuika ndalama zake polisindikizanso. Ndi mmene Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, Kokha Mcheperawakalulu la E.J. Chadza ndi Kalenga ndi Mnzake la Josiah Phiri adasandukira zokumbukira za anthu amene adaphunzira kale. Ngakhale mabuku a m'zaka za m'ma 1980, monga Njala Bwana la Willie Zingani ndi Ikakuona Litsiro Sikata la Jolly Max Ntaba, amene anthu ankawerenga mwa kufuna kwawo, masiku ano amapezeka mwamwayi, kaŵirikaŵiri kwa ogulitsa mabuku akale m'mphepete mwa msewu.

Chifukwa chachiwiri chili m'mbiri ya kusindikiza. Mabuku ambiri a Chinyanja a m'zaka za m'ma 1950 adatuluka kudzera ku ofesi ya boma yoona za mabuku ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1948 ndipo likulu lake lidali ku Lusaka. Ofesiyi inkagwira ntchito ndi makampani a ku Britain monga Longmans ndi Macmillan. Maiko awiriwa atalandira ufulu aliyense payekha, ntchitoyo idatsalira ku Zambia, ndipo mabuku a alembi a kuno adatsala opanda mwini wowasamala kwawo. Kenaka kudabwera lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo la m'chaka cha 1968, limene lidachititsa alembi ndi osindikiza kuyenda mwamantha kwa zaka pafupifupi 30. Bungwe la boma la Malawi Book Service, limene lidali ndi masitolo m'maboma, lidatha m'zaka za m'ma 1990, ndipo tauni zambiri zidatsala zopanda pogula buku.

Chachitatu ndi kalembedwe. Chichewa chidakhala chinenero cha dziko m'chaka cha 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board lidatulutsa malamulo a kalembedwe m'chaka cha 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990. Mabuku akale amalemba "c" pamene lero timalemba "ch", monga amachitirabe ku Zambia, ndipo amadula mawu mosiyana ndi mmene ana amaphunzirira m'kalasi. Mphunzitsi wokonzekeretsa ana mayeso amaopa buku lotere, poganiza kuti liwasokoneza. Kulisindikizanso kumafuna mkonzi wodziwa kusintha kalembedwe popanda kupha mawu akale, ndipo mawu akalewo ndiwo chuma chenicheni cha mabukuwa: mayina a zida, a mbewu, a miyambo ndi a maudindo a pamudzi amene Chichewa cha m'tauni chidawataya.

Zotchinga zimenezi si zosatheka kuzilumpha. Abdallah adamwalira m'chaka cha 1924, choncho zolemba zake za Chiyao zidatuluka kalekale m'chitetezo cha lamulo la umwini wa zolembalemba. Wosindikiza aliyense angazitenge. Mabuku a Kachere ku Zomba adasonyeza kale kuti buku la mbiri kapena chikhalidwe lingasindikizidwe pang'onopang'ono, mazana ochepa pa nthawi, n'kupezabe owerenga. Mawayilesi a m'madera, amene amasowa mapulogalamu a m'zinenero zathu, angathe kuwerenga Msyamboza mutu umodzi pa sabata atagwirizana ndi eni umwini wa bukulo. Nayo Centre for Language Studies ya University of Malawi, imene idalowa m'malo mwa Chichewa Board m'chaka cha 1996 ndipo idakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ili ndi akatswiri oyenera ntchito yokonza kalembedwe.

Pakadali pano, wofuna kuwerenga mabukuwa ayenera kuyenda. Malo oyamba kufunsa ndi nyumba yosunga zolemba zakale ya National Archives ku Zomba, imene lamulo limati izilandira buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno. Ku Zomba komweko kuli gawo la mabuku a za Malawi mu laibulale ya University of Malawi. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yakale ya Mandala. Mabuku osowa a m'malo otere amawerengedwera pomwepo, kotero wopitako anyamule kope ndi cholembera, ndipo pofufuza m'kaundula ayese mayina onse awiri, Nthara ndi Ntara.